Toots Thielemans ndi Limba la Pakamwa

Pakati pa zoimbira zonse za ku Ulaya, palibe cimene cinanyozedwa kwambiri ngati limba la pakamwa, limene dzina lace lina ndi hamonika. Ndi kanthu kakang'ono kolowa m'thumba la malaya, ndipo mtengo wace ndi wocepa. Cifukwa cace makolo anali kugulira ana ao kuti aziseweretsa. Asilikari, amalinyero ndi abusa a ng'ombe anali kuyenda nako kuti kaziwacotsa cinwawa usiku. Koma oimba ophunzira, aja oimba m'nyumba zazikuru pamaso pa anthu olemekezeka, sanali kukawerengera konse.

Nkhani iyi ndi ya munthu wina wa ku Belgium, dzina lace Toots Thielemans, amene anatenga kanthu konyozekako nakaimba kwa zaka zoposa 70, kufikira akatswiri a nyimbo za jazi anamlandira ngati mnzao.

Ciyambi ca hamonika

M'kati mwa hamonika muli timalilime ta mkuwa, topyapyala ngati tsamba. Kalilime kali konse kanakhomedwa mbali imodzi, mbali inayo nkukhala yomasuka. Mpweya ukadutsa, kalilimeko kanjenjemera ndi kuturutsa liu. Kakatali katurutsa liu lalikuru, kakafupi katurutsa liu laling'ono. Nzeru imeneyi ndi yakale kwambiri, pakuti anthu a ku China anali ndi coimbira cao cochedwa sheng, ca timalilime totere, zaka zikwi zapitazo.

Hamonika imene tsopano idziwika pa dziko lonse inayamba kupangidwa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1820. M'caka ca 1857 mmisiri wina wa mawochi, Matthias Hohner, wa m'mudzi wa Trossingen ku Germany, anasiya mawochi nayamba kupanga mahamonika. Malonda ace anakula msanga, ndipo katundu wambiri anali kupita ku America. Kumeneko anthu akuda a m'zigawo za kumwera, amene sanali ndi ndalama zogulira piyano kapena lipenga, anaikonda kwambiri. Anaphunzira kuiliza ngati sitima ya pamtunda, ngati agaru osaka nkhandwe, ndi ngati munthu wolira. Mu nyimbo zao zochedwa blues hamonika inapeza malo ace.

Koma hamonika yaing'ono ija iri ndi ziboo 10 ndi timalilime 20 tokha. Munthu amene anaimbapo m'kwaya ya ku chalichi adziwa mau asanu ndi awiri aja: do, re, mi, fa, so, la, ti. Adziwanso kuti pakati pa ena a mau amenewa pali mau ena asanu obisika, monga fe amene ali pakati pa fa ndi so. Onse pamodzi akwana 12. Hamonika yaing'ono inapangidwira mau asanu ndi awiri aja, ndipo asanu enawo sinawakonzere malo. Tsono amisiri anapanga ina yokulirapo. Yofala kwambiri iri ndi ziboo 12 ndi timalilime 48, ndiko kuti timalilime tinai m'ciboo ciri conse. Kumbali kwace kuli kabatani. Woimba akakadinikiza ndi cala, njira ya mpweya isintha, ndipo liu liri lonse likwera pang'ono kufika pa liu lotsatira. Akakasiya, kabwerera kokha. Ndi kabatani kameneka mau onse 12 apezeka. Iyi ndiyo hamonika imene Toots anaimba moyo wace wonse.

Mwana wa ku Marolles

Jean-Baptiste Thielemans anabadwa pa 29 April 1922 mu mzinda wa Brussels, m'dera la anthu wamba lochedwa Marolles. Makolo ace anali ndi nyumba yogulitsiramo zakumwa, ndipo munali kubwera munthu woimba akodiyoni kudzasangalatsa alendo. Mwanayo ali ndi zaka 3 anayamba kumtsanzira, nakoka ndi kukankha kabokosi ka pepala ngati kuti ndi akodiyoni. Makolo ataona zimenezi anampezera akodiyoni yaing'ono. Palibe mphunzitsi amene anamlangiza. Anali kumva nyimbo ndi khutu, zala nkumaifuna kufikira zitaipeza.

Kuyambira ubwana wace anali kudwala cifuwa ca mphumu, ndipo matendawa sanamsiye kufikira ukalamba. Nkodabwitsa kuti munthu wobvutika kupuma ndiye anasankha coimbira cimene cidalira mpweya wokhawokha.

Ali ndi zaka ngati 17 anagula hamonika, atamva mbiri ndi kaimbidwe ka Larry Adler, wa ku America, amene masiku amenewo anali wochuka pa kanema ndi pa wailesi. Iye mwini sanali kuganiza kuti adzadya za nyimbo. Anali wokhoza masamu, ndipo analowa sukulu ya ukacenjede ya ku Brussels kukaphunzira masamuwo, koma sanatsirize.

Pa 10 May 1940 asilikari a ku Germany analowa m'dziko la Belgium, nakhalamo zaka zinai. M'zaka zowawa zimenezi mnyamatayo anamva mbale ya garamafoni ya Louis Armstrong, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wace unapita ku jazi. Koma pamene anapita ndi hamonika yace kwa anyamata oimba jazi a mu mzindamo, iwo anamseka. Anamuuza kuti ataye coseweretsaco, apeze coimbira ceniceni. Iye sanakangane nao. Anatenga gitala, nayamba kuphunzira yekha pomvetsera mbale za Django Reinhardt. Django ameneyu anabadwira m'dziko lomwelo la Belgium, ndipo m'caka ca 1928 anapsa ndi moto kotero kuti zala ziwiri za dzanja lace lamanzere zinapuwala, komabe anaposa oimba gitala onse a ku Ulaya. Posacedwa Thielemans anakhala woimba gitala wodziwika mu Brussels. Anzacewo anaona kuti dzina loti Jean-Baptiste silikuyenera munthu wa jazi, nampatsa dzina loti Toots, potengera oimba awiri a ku America, Toots Mondello ndi Toots Camarata. Hamonika ija sanaitaye ai. Inakhalabe m'thumba.

Jazi ndi ciani?

Kuti luso la munthuyu limveke bwino, pafunika kufotokoza pang'ono za jazi. Nyimbo zimenezi zinayamba pafupi ndi caka ca 1900 mu mzinda wa New Orleans, pakati pa zidzukulu za akapolo amene anatengedwa ku Africa. Kaimbidwe kace nkotere. Poyamba gulu lonse liimba nyimbo yodziwika, kamodzi, monga inalembedwera. Pambuyo pace oimba a piyano, besi ndi ng'oma apitiriza kugwira maziko a nyimboyo, ndipo mmodzi wa enawo aimirira napeka nyimbo yatsopano pomwepo, pamwamba pa maziko omwewo. Akatha iye, mnzace alandira.

Mazikowo ndi magulu a mau atatu kapena anai omveka pamodzi, amene asintha motsatana monga mizati ya nyumba iima m'malo mwace. Wopekayo ali ndi ufulu kuphoma ndi kukongoletsa monga afuna, koma ayenera kudziwa pamene pali mzati uli wonse. Akaphonya, onse amene ali ndi khutu amva kuti wasocera. Ndipo alibe nthawi yoganiza, pakuti ng'oma siimdikira.

M'zaka za m'ma 1940 Charlie Parker woimba sakisofoni ndi Dizzy Gillespie woimba lipenga anabweretsa kaimbidwe katsopano kochedwa bebop. Kanali kothamanga kwambiri, kokhotakhota, ndipo kanali kugwiritsa nchito mau onse 12 aja kosalekeza. Oimba ambiri okhwima analephera kukatsata. Palibe amene anali kuyembekeza kuti kangaimbidwe pa limba la pakamwa.

Ulendo wa ku America

Nkhondo itatha, Toots anali kuimba m'malo ocezeramo asilikari a ku America, namva mbale zatsopano za bebop. M'caka ca 1949 anaimba ku Paris pa msonkhano waukuru wa jazi, kumene kunabwera Charlie Parker ndi Miles Davis. M'caka ca 1950 Benny Goodman, mmodzi wa atsogoleri ochuka a magulu oimba, anamtenga pa ulendo wace wozungulira maiko a ku Ulaya. Pambuyo pace Toots anasamukira ku New York, ndipo m'caka ca 1957 analembedwa kukhala nzika ya America. Atangofika anaimba nthawi yocepa m'gulu la Charlie Parker mwini wace. Kenaka analowa m'gulu la George Shearing, woimba piyano wosaona wocokera ku London, nakhalamo zaka ngati zisanu ndi cimodzi kufikira 1959.

Kwa Shearing nchito yace yeniyeni inali gitala. Hamonika anali kuiturutsa pa nyimbo imodzi kapena ziwiri. Komabe oimba anzace anayamba kuchera khutu. Nyuzi ya jazi yochedwa Down Beat inali kusankha caka ndi caka woimba woposa pa coimbira ciri conse, ndipo hamonika inalibe mzere wacewace. Inali kuponyedwa mu mzere wa zoimbira zina ndi zina. Clifford Brown, mnyamata wa luso lalikuru pa lipenga, anauza Toots kuti monga iye aiimbira, sikoyenera kuiika mu mzere umenewo. Mzerewo sunasinthe, koma dzina la Toots linakhala pamwamba pace zaka zambiri. M'caka ca 1958 inaturuka mbale yace yochedwa Man Bites Harmonica, ndiko kunena kuti munthu waluma hamonika. Pa mbale imeneyi hamonika iyankhana ndi sakisofoni yaikuru ya Pepper Adams, ndipo siicepa mphamvu kapena nzeru.

Luso lace linali pati?

Munthu woimba lipenga kapena sakisofoni auzira mpweya kunja kokhakokha, ndipo zala zace ndizo zisankha mau. Cifukwa cace mau ace akhoza kutsatana mosalala ngati madzi a mu mtsinje. Woimba hamonika alibe mwai wotere. Mau ena aturuka pouzira, ena pokoka mpweya. Do, mi ndi so ndi ouzira. Re, fa, la ndi ti ndi okoka. Tsono kuti aimbe do, re, mi, fa, ayenera kuuzira, kukoka, kuuzira, kukoka. Nthawi iri yonse mpweya ukatembenuka, liu liduka pang'ono, ndipo nyimbo imveka ngati maceka a matabwa opita ndi kubwera. Pa nyimbo yoyenda pang'onopang'ono izi sizibvuta kwambiri. Pa bebop ndi bvuto lalikuru.

Toots anafufuza njira zopewera kudukako. Pa hamonika ya kabatani mau ena apezeka m'njira ziwiri. Liu la fa lipezeka pokoka mpweya, komanso lipezeka pouzira mi ndi kudinikiza kabatani. Comweco munthu akhoza kucoka pa mi kupita pa fa ndi mpweya umodzi. Momwemonso do wapamwamba apezeka pouzira, komanso pokoka ti ndi kudinikiza kabatani, kotero kuti la, ti, do aturuka pa kukoka kumodzi kosaduka. Izi zioneka zazing'ono pozilemba. Koma woimba jazi ayenera kusankha njira imeneyi kapena inayo m'kuphethira kwa diso, pa nyimbo imene akuipeka nthawi yomweyo, ndipo asankhe kambirimbiri pa mphindi imodzi. Womvetsera mbale za Toots sangadziwe msanga pamene akuuzira ndi pamene akukoka.

Pali cobvuta cina. Woimba piyano aona zala zace. Woimba hamonika saona kanthu, pakuti coimbira cace ciri pakamwa. Akafuna kulumpha kucoka pa ciboo cacitatu kupita pa cacisanu ndi citatu, ayenera kuyesa mtundawo ndi dzanja ndi milomo, monga munthu ayenda m'nyumba mwace usiku wopanda nyali. Akapitirira pang'ono pokha, liu lina losafunika lilowa.

Ndiponso nyimbo siziyambira pa do mmodzi yemweyo. Mtsogoleri wa kwaya akaona kuti nyimbo yakwera kwambiri, aitsitsa, ndipo do asamukira pa liu lina. Malo otere oyambirapo alipo 12. Woimba gitala akafuna kusamuka angosuntha dzanja, zala nkumayenda monga kale. Pa hamonika malo ali onse ali ndi njira yaceyace ya kuuzira, kukoka ndi kudinikiza, ngati zinenero 12 zosiyana. Oimba blues apewa bvutoli poyenda ndi mahamonika ambiri m'thumba, ina ya apa, ina ya apo. Toots anali kuimba zonse pa hamonika imodzi. Nyimbo za jazi zisamuka kangapo m'kati mwa nyimbo imodzi yomweyo, ndipo iye anali kusamuka nazo osapunthwa.

Ngakhale mpweya womwe uli ndi msampha wace. Woimba lipenga aopa kuti mpweya umthera. Woimba hamonika akakumana ndi mau ambiri okoka motsatana, cifuwa cace cidzaza, nasowa poika wina. Ayenera kudziwa potayira mpweya mwakacetecete, nyimbo osaima. Munthu wa mphumuyu anakhala katswiri pa kusunga ndi kutaya mpweya.

Zonsezi ndi luso la milomo, cala ndi cifuwa, ndipo ena pambuyo pace aliphunzira. Cimene cinamsiyanitsa ndi ena onse cinali khutu. Apa ndi pamene anyamata a ku Brussels aja anamthandiza osadziwa. Hamonika kawirikawiri iimba liu limodzi pa nthawi imodzi, ndipo munthu woidziwa yokhayo sangamvetse msanga za mizati ya nyimbo. Gitala igwira mau ambiri pamodzi. Zaka zonse zimene Toots anakhala pa gitala anali kuphunzira mizatiyo, umo imangidwira ndi umo ina itsogolera ku inzace. Tsono pobwerera ku hamonika anali kudziwa liu limene lidzakoma pa mzati uli wonse, ndiponso liu lacilendo limene lidzawawa pang'ono lisanakome. Anali kukonda kuima pa liu lowawalo, kulisunga kufikira womvera ayamba kuda nkhawa, ndipo pamenepo anali kutsetsereka pang'ono nafika kwao.

Liu lace lomwe linali lacelace. Larry Adler anali kukupiza manja pa hamonika kuti liu linjenjemere kwambiri ngati la vayolini, ndipo anali kuimba ndi ulemerero wa pa bwalo lalikuru. Toots anali kufumbata hamonika pamodzi ndi cokuzira mau m'manja mwace, naimba cofatsa, ngati munthu wolankhula ndi mnzace mmodzi. Liu anali kuliyamba loongoka, nalinjenjemeretsa kumapeto kokha. Nthawi zina anali kulipinda pang'ono polowa, monga acita munthu amene mau ace agwidwa ndi cisoni. Iye mwini anali kunena kuti malo ace ali pakati pa kumwetulira ndi misozi. Amene afuna kumva zimenezi asathamange, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Amvetsere nyimbo imodzi katatu: koyamba atsate nyimbo, kaciwiri atsate piyano, kacitatu amve umo hamonika iyendera pamwamba pa piyanoyo.

Mluzu ndi kanema

Codabwitsa ncakuti nyimbo yace yochuka koposa mulibe hamonika. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1960 anapeka nyimbo yochedwa Bluesette, naijambula ku Sweden. M'menemo aimba gitala ndi mluzu pamodzi, liu la mluzu ndi liu la gitala kuyenda ngati cinthu cimodzi. Nyimboyo iyenda mwa kugunda kutatu, ndipo imveka yopepuka kotero kuti mwana akhoza kuitsanzira. Koma pansi pace mizati isamuka kosalekeza, ndipo kufikira lero ophunzira jazi aiyesa kuti aone ngati akhwima. Norman Gimbel anaiikira mau a Cingerezi, oimba ambiri anaijambula, ndipo Toots anali kuseka kuti nyimbo imeneyi ndiyo nkhokwe ya ukalamba wace.

Kucokera pamenepo nchito inamcurukira. Opanga kanema anaona kuti liu la hamonika yace lifotokoza kusungulumwa kuposa mau a munthu. Limveka mu kanema wa Midnight Cowboy wa 1969, wa The Getaway wa 1972, wa The Sugarland Express wa 1974, ndi wa Jean de Florette wa 1986. Ana a ku America anakula akumva hamonika yace kumapeto a masewero ao a pa wailesi ya kanema ochedwa Sesame Street, osadziwa dzina la woimbayo. Quincy Jones anali kumuitana kawirikawiri, namchula mmodzi wa oimba akuru a nthawi yace. Anaimbanso ndi Ella Fitzgerald, Paul Simon ndi Billy Joel. M'caka ca 1969 anajambula mbale ndi Elis Regina wa ku Brazil, ndipo nyimbo za dziko limenelo anazikonda kufikira imfa yace.

Panali ena okonda jazi amene sanakondwe nazo. Anati munthuyu wagulitsa luso lace kwa a kanema ndi otsatsa malonda, ndipo nyimbo zace zatsekemera mopitirira. M'mau amenewa muli coonadi pang'ono, pakuti pa mbale zambirimbiri zimene anajambula ziripo zina zimene anangogwira nchito ya malipiro. Koma odandaulawo anayankhidwa m'caka ca 1978, pamene Bill Evans anamuitana kuti ajambule naye mbale yochedwa Affinity. Evans anali woimba piyano wozama kwambiri, wosankha anzace mosamala, ndipo mizati ya nyimbo zace inali yobvuta kuitsata. Pa mbale imeneyo piyano ikapereka gulu la mau lacilendo, hamonika ipeza liu loyenera pomwepo, niliika pamalo pace mosakangaza. Ambiri aiyesa mbale yoposa zonse za Toots. Evans anamwalira m'caka ca 1980, zaka ziwiri zisanakwane cijambulire mbaleyo.

Dzanja lamanzere

M'caka ca 1981, caka comwe anamveka pa mbale ya Jaco Pastorius woimba besi, Toots anagwidwa ndi matenda ofa ziwalo. Anacira, koma dzanja lace lamanzere silinabwerere mwakale. Pa gitala dzanja lamanzere ndilo ligwira nsambo. Comweco munthu amene anaphunzira gitala kwa Django wa zala zopuwala anapezeka nayenso ali ndi dzanja lofooka, ali ndi zaka 59. Gitala sanaisiyiretu, koma sanathenso kuthamanga nayo. Cimene cinamtsalira camphumphu cinali coseweretsa cija anamuuza kuti ataye.

Kaimbidwe kace ka pambuyo pa matendawa nkosiyana ndi ka pa unyamata. Mau anacepa. Pamene kale anali kuika mau 20, tsopano anali kuika asanu, nasiya mpata pakati pao. Ena anayesa kuti mphamvu zatha. Koma womvetsera bwino aona kuti kuimba mau ocepa nkobvuta kuposa kuimba ambiri, pakuti pa mau ambiri lolakwa libisala pakati pa anzace, koma pa mau asanu liri lonse liima poyera. M'zaka zimenezi anali kukonda kuimba Ne me quitte pas, nyimbo ya Jacques Brel, mwana mnzace wa ku Brussels. Anali kuiimba pang'onopang'ono, mpweya wace nkumamveka pakati pa liu ndi liu, ndipo m'nyumba yodzaza anthu munali kukhala zii. M'caka ca 1992 ndi ca 1993 anaturutsa mbale ziwiri za nyimbo za ku Brazil pamodzi ndi oimba ochuka a dzikolo. Pa maulendo ace ambiri a ku ukalamba anali kuyenda ndi Kenny Werner woimba piyano, ndipo nthawi zina anali kuimba awiri okha, popanda ng'oma kapena besi.

M'caka ca 2001 Mfumu Albert II ya ku Belgium inampatsa ulemu wa ubaroni, umene ndi wa anthu omveka a dzikolo. Mwana wa m'nyumba ya zakumwa ya ku Marolles anakhala Baron Thielemans, koma anthu anapitiriza kumchula Toots. M'caka ca 2009 dziko la America linampatsa ulemu wace waukuru wa oimba jazi. Pa nthawi imeneyo panali pataphuka kale oimba ena a hamonika ya kabatani, monga Hendrik Meurkens wa ku Germany ndi Grégoire Maret wa ku Switzerland, amene anapeza njira italambulidwa.

Anakondwerera zaka 90 m'caka ca 2012 ali kuimbabe pamaso pa anthu, atakhala pa mpando. Mu March 2014 analengeza kuti waleka, cifukwa thupi silinali kumlolanso kuimba monga iye anafunira, ndipo sanafune kukhumudwitsa anthu ogula matikiti. Komabe mu August caka comweco anaonekera mwadzidzidzi pa msonkhano wa jazi wa Middelheim ku Antwerp, naimbako pang'ono. Anamwalira pa 22 August 2016 ali ndi zaka 94, ndipo anaikidwa ku La Hulpe, kufupi ndi Brussels.